Nshawa yosadyedwa imene tinakaona ku Chipata

Loweruka lapitali, ife a kalabu ya alimi a m'madimba kuno ku Katete tinanyamuka mbandakucha, kudzera ku Mtenguleni, kukacheza kwa alimi anzathu kufupi ndi Chipata. Tinapitira kukaphunzira kasamalidwe ka nthochi ndi malalanje, ndipo tinaphunziradi. Koma chimene chandikhala m'mutu ndi kachomera kena.

Pansi pa malalanje a mayi amene anatilandira panali pobiriwira ngati payalidwa mphasa, timaluwa tachikasu tili ponseponse. Masamba ake anayianayi, enieni a nshawa, moti ena anati ndi Chalimbana yomera yokha. Alangizi athu anati ayi, ndi mbale wake wa nshawa wochokera ku Brazil, dzina lake Arachis pintoi, potengera a Geraldo Pinto amene anaitola ku Bahia mu 1954. Ubwino ili nawo: imawonjezera chonde monga zichitira nyemba, imapirira mthunzi, imagwira dothi kuti lisakokoloke, ndipo mbuzi ndi ng'ombe zimaidya bwino.

Tisanamve zonse, ambiri tinali titayamba kale kuthyola timphukira n'kumanga pachitenje. Apo mwini munda anati, "Amayi, musafulumire, tiyeni muone kaye kudimba."

Kumeneko mtima unandiwawa. Mabedi a repu ndi matimati anali atalowedwa mpaka pakati. Imayanga ngati kholowa, ndipo mfundo iliyonse ikangokhudza dothi imatulutsa mizu. Timakoko take timakhwimira pansi ngati nshawa yathu yomwe, koma n'tating'ono, ukamalima ndi khasu umangotimwaza. Chilimwe chikakula imayoyola masamba, iwe n'kumati yafa, mvula ikangogwa yadzukanso. Nanga kudimba kosauma chinyezi ingapume liti? Mayiwo anatisonyeza mulu wa zimene anazula sabata yomweyo, ndipo pambali pake zina zinali zikuphuka kale.

Ine ndinamasula chitenje n'kuponyera mbuzi zawo timphukira tanga. Dimba langa ndi laling'ono, ndipo ndi lomwelo limalipirira ana kusukulu. Anzathu atatu amene ali ndi mitengo ya zipatso kumtunda anatenga, ndipo sindikuwatsutsa. Pobwerera tinapangana m'galimoto kuti asabzale kufupi ndi dambo, pakuti madimba athu ndi ogundizana malire. Mvula ikadzatha tidzapita tonse kukaona pamene yafika.