Proposal yanga ya PhD ya zamalonda inayambira pa shopu ya azakhali

Proposal yanga yoyamba inali ya masamba 14 ndipo ndinkainyadira. Inkanena za mavuto a mabizinesi ang'onoang'ono ku Malawi ndi njira zowathandizira. Ndinali nditagwira ntchito zaka zingapo kubungwe lina lobwereketsa ndalama, kumene kulemba mapempho opita kwa ma-donor inali ntchito ya tsiku ndi tsiku, ndiye dzanja linangotsata njira yomwe linazolowera: vuto, zolinga, zochita, zotsatira. Ndinapita nayo kwa mphunzitsi wanga wakale wa ku Poly, yomwe pano ndi MUBAS, kuti angondikonzera Chingerezi.

Anawerenga masamba atatu okha n'kuvula magalasi.

"Achemwali, kulemba mumatha. Koma apa mukupempha ndalama za pulojekiti. Funso lili pati? Mukadzamaliza zaka zinayi, anthu ophunzira adzadziwa chiyani chimene lero sakuchidziwa?"

Ndinayankha kuti boma lidzadziwa momwe lingathandizire amalonda. Anaseka, nati zimenezo ndi za consultant, ndipo consultant amamaliza m'miyezi itatu. Ndinakwera minibasi pa Ginnery Corner nditakhumudwa, koma mawu amenewo ndi amene anandithandiza kuposa chilichonse chimene ndinawerenga pambuyo pake.

Ndisanapite patali, pali zinthu za mapepala zimene muyenera kuyamba nazo msanga chifukwa sizidikira nzeru zanu. Ine ndinkayang'ana ku South Africa, kumene kuli masukulu a zamalonda monga GIBS ya University of Pretoria, Wits Business School, Graduate School of Business ya ku Cape Town, Stellenbosch Business School ndi SBL ya Unisa. Kumeneko digiri yochokera kunja amafuna iunikidwe ndi SAQA, bungwe la boma loona za milingo ya maphunziro, kuti aone ngati Masters yanu ikufika pa level 9 ya muyeso wawo wotchedwa NQF, popeza udokotala uli pa level 10. Zimatenga nthawi, choncho tumizani mapepalawo mukadali kuganiza za mutu. Funsaninso ngati MBA yanu, Masters ya zamalonda, ikuvomerezeka, chifukwa masukulu ambiri amafuna kuona kuti munachitapo kafukufuku n'kulemba dissertation. Ndipo sankhani pakati pa PhD ndi DBA (Doctor of Business Administration). Mwachidule, DBA imayang'ana kwambiri vuto lenileni la pantchito, pomwe PhD imafuna muwonjezere kanthu pa theory. Ine ndinasankha PhD chifukwa ndikufuna kudzaphunzitsa.

Funso lenileni ndinalipeza ku Limbe, osati mulaibulale. Azakhali anga ali ndi kashopu ka zitenje ndi nsapato, ndipo amakagula katundu ku Kariakoo ku Dar es Salaam, kudzera pachipata cha Songwe. Mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi inagwetsa kwacha ndi 44 peresenti, pomwe inali itagwetsedwa kale ndi 25 peresenti mu Meyi 2022. Kubanki madola sankapezeka. Malinga ndi zonse zimene ndinaphunzira pa MBA, kashopu kotereka kanayenera kutsekedwa. Koma sikanatsekedwe. Nditawafunsa, anandifotokozera ngati nkhani wamba. Amayi asanu amasonkha ndalama n'kutuma mmodzi kuti apulumutse za basi ndi malo ogona. Wogulitsa wa ku Kariakoo amene anadziwana naye kalekale amawapatsa katundu wina pangongole, n'kumakumbutsana pa WhatsApp. Mtengo sankaikanso potengera zimene anagulira, koma potengera zimene adzagulire ulendo wotsatira. Ndalama za banki m'khonde zinkatseka mpata pamene malonda aima. Ena a m'gulu lomwelo anagwa ndithu, ena anapitirira. Ndinafunsa kuti kusiyana kwawo kunali pati, iwo anangoti, "Mwana wanga, pamalonda umayika chomwe ungakwanitse kutaya."

Usiku womwewo ndinalemba chiganizo chimenechi m'kope, osadziwa kuti chili ndi dzina m'mabuku. Patapita milungu ingapo ndikuwerenga, ndinapeza kuti Saras Sarasvathy analemba mu 2001 za chimene anachitcha effectuation: kuti amalonda odziwa ntchito, tsogolo likakhala losadziwika, sayamba ndi cholinga n'kumafunafuna zipangizo, koma amayamba ndi zomwe ali nazo, anthu omwe akuwadziwa, ndi muyeso wa zomwe angakwanitse kutaya. Azakhali anga, amene sukulu analekezera Sitandade 8, anali atanena mfundo imodzi ya theory imeneyi ndendende.

Apa ndi pamene kuwerenga kunayamba kukhala ndi mutu. Poyamba ndinkangotsitsa nkhani iliyonse yokhala ndi mawu akuti Malawi ndi SME (mabizinesi ang'onoang'ono ndi apakatikati) pa Google Scholar, mpaka kompyuta inadzaza ndi mapepala omwe sindinawawerenge. Nditapeza ulusi, ndinasintha. Ndinayamba ndi pepala la Sarasvathy, n'kuona anthu amene analitchula m'zolemba zawo, makamaka m'zaka zisanu zapitazi. Kuchokera pamenepo ndinafika kwa Baker ndi Nelson, amene mu 2005 analemba za bricolage, kupanga kanthu ndi zomwe zili pafupi, komanso kwa Mark Granovetter, amene mu 1985 ananena kuti malonda sachitika mumlengalenga koma amakhala omangika m'maubale a anthu. Pepala lililonse ndinkalilembera mizere inayi: funso lawo, anthu omwe anawafufuza, zomwe anapeza, ndi zomwe anavomereza kuti sanazifike. Mzere wachinayiwu ndi umene uli ndi golide, chifukwa olemba amakuuzani okha pomwe asiyira. Ikani zonse mu Zotero, pulogalamu ya pakompyuta yosungira mapepala omwe mwawerenga, kuyambira tsiku loyamba. Ndi yaulere, ndipo idzakupulumutsani kukonza mndandanda wa mabuku pamanja usiku womaliza. Mapepala ogulitsa ndinkawapempha kwa olemba eni ake pa imelo, ndipo ambiri ankatumiza mosavuta.

Cholakwa chimene ambirife timachita, ndipo ine ndinachita kawiri, ndi kulemba kuti "kafukufukuyu sanachitikepo ku Malawi" n'kuganiza kuti ndiye research gap, kutanthauza mpata womwe kafukufuku wa ena anausiya. Pulofesa wa ku Johannesburg kapena London sizimukhudza zimenezo. Zinthu zambirimbiri sizinafufuzidwepo ku Malawi. Chimene akufuna kumva ndi chakuti Malawi ali ndi chiyani chimene chingasinthe kapena kutsutsa theory yomwe ilipo. Kwa ine yankho linali ili: effectuation inayambira pa kafukufuku wa amalonda akuluakulu a ku America amene anayambitsa makampani opambana, ndipo kusadziwika kwa tsogolo kumene ankakunena kunali kwa msika ndi katundu watsopano. Kwa amayi a ku Limbe, msika ukudziwika, makasitomala akudziwika, chomwe sichikudziwika ndi ndalama yeniyeniyo, kuti mawa idzagula chiyani ndiponso ngati dola ipezeka n'komwe. Komanso chisankho sichipangidwa ndi munthu mmodzi, chimapangidwa ndi gulu. Kodi theory ija imayenda chimodzimodzi pamalo otere? Limenelo ndi funso lomwe munthu wa dziko lililonse angafune kumva yankho lake.

Funso lalikulu ndinalilemba kambirimbiri mpaka linakwana m'chiganizo chimodzi: amalonda ang'onoang'ono oitanitsa katundu kunja amapanga bwanji zisankho pamene ndalama ya dziko ikugwa ndipo ndalama zakunja zikusowa, ndipo maubale awo amasintha bwanji zisankhozo? Pansi pake ndinaika mafunso ang'onoang'ono atatu basi. Poyamba anali asanu ndi awiri. Mphunzitsi uja anati lililonse linali PhD payokha.

Gawo la njira zofufuzira ndi limene linandidyera nthawi yambiri. Ndinkafuna kulemba mixed methods, kuphatikiza mafomu a manambala ndi macheza, chifukwa zimamveka zaulemu, koma funso loti "bwanji" silifuna mafomu a anthu 400. Palibenso kaundula wodalirika wa amalonda oterewa woti n'kusankhamo sample mwachisawawa. Ndinasankha kucheza mozama ndi amalonda pafupifupi 30, ena opita ku Dar es Salaam, ena ku Johannesburg kudzera ku Mwanza ndi Dedza, ndipo aliyense ndidzacheze naye kangapo m'chaka. Ndinaonetsetsa kuti mukhale ena amene mabizinesi awo anagwa, chifukwa ukangofunsa opulumuka okha umamva nkhani yokoma yomwe siikuphunzitsa kanthu. Ndinalemba kuti macheza adzakhala m'Chichewa, ndi momwe ndidzamasulire, komanso kuti ndidzasanthula motsatira njira ya Gioia ndi anzake ya 2013. Ndinavomerezanso poyera kuti ndili ndi mbale m'malondawa, kuti azakhali sadzakhala m'gulu la ofunsidwa, ndi kuti zopeza zanga sizidzaimira amalonda onse a m'dziko.

Kenako panali nkhani yovuta imene ndinafuna kuidumpha. Aliyense akudziwa kuti banki ikakhala ilibe madola, anthu amakawagula kwa mavenda, zomwe lamulo sililola. Ndiye kuti anthu adzandiuza zinthu zoti zingawaike m'mavuto. Ndikanatha kungolemba kuti "chinsinsi chidzasungidwa" monga amalembera onse. M'malo mwake ndinalemba ndime yathunthu: sindidzalemba mayina enieni kapena malo a mashopu, sindidzafunsa kuti anagula kwa yani, ndidzapempha kuti chilolezo chizikhala cha pakamwa m'malo mosainitsa, mawu ojambulidwa adzafufutidwa ndikangowalemba papepala, ndipo ndidzatenga chilolezo ku komiti ya yunivesite komanso kuno kwathu ku NCRSH, komiti yovomereza kafukufuku wotere, ya pansi pa National Commission for Science and Technology.

Ndondomeko ya nthawi ndi bajeti ndinazilemba tsiku limodzi. Chofunika n'kunena zoona, makamaka ngati muzidzaphunzira mukugwira ntchito. Sukulu yomwe ndinasankha inali ndi malire a mawu, ndiye ndinadula pafupifupi theka, kuyambira ndi mbiri yaitali ya chuma cha Malawi imene ndinaikonda kwambiri koma sinkayankha funso lililonse. Ndinaunikanso kuti pasakhale chiganizo chokopera, chifukwa masukulu ambiri amagwiritsa ntchito Turnitin, pulogalamu yogwira zokopera.

Supervisor ndinamufunafuna proposal itatsala pang'ono kutha. Maimelo anga oyamba anali aatali, odzaza ndi mbiri ya moyo wanga, ndipo sanayankhidwe. Sindikuwadandaula anthuwo, nanenso sindikanayankha. Ndinasintha n'kuyamba kulembera okhawo amene ndinawerengadi ntchito zawo: ndime ziwiri, kutchula pepala lawo limodzi ndi pomwe funso langa likulumikizana nalo, n'kuikapo chidule cha masamba awiri ndi CV. Mayi wina anayankha patatha milungu itatu, nati tikumane pa Zoom.

Tsiku la interview ndinakonzekera bandulo ya manetiweki awiri, kuopa kuti imodzi ingandigwiritse mwala. Ondifunsa anali atatu. Za theory anafunsa pang'ono. Nthawi yambiri inathera pa ndime ija ya madola a kwa mavenda, ndipo mmodzi anafunsa chomwe ndingachite wina waudindo atandiuza kuti ndimupatse zomwe ndajambula. Wina anafunsa kuti ndidzatani kwacha ikadzakhazikika ndisanayambe kufufuza. Ndinayankha kuti ndidzafunsa za zisankho za 2022 ndi 2023, zomwe amalonda amazikumbukira mpaka mtengo wa chitenje chimodzi, ndipo ndinavomereza kuti kukumbukira kuli ndi zofooka zake.

Kalata yondivomera inabwera patatha mwezi ndi theka. Pamsonkhano wathu woyamba, supervisor anandiuza kuti proposal imene yandilowetsayi tiilembanso m'chaka choyamba ndipo ndidzaiteteza pamaso pa komiti ndisanafunse munthu aliyense. Anali atadula kale funso langa lachitatu.

Loweruka lotsatira ndinapita ku Limbe kukawauza azakhali. Anandimvetsera akupinda zitenje, kenako anafunsa kuti fizi ndidzalipira mu kwacha kapena mu randi. Nditati mu randi, anasiya kupinda.

"Ndiye khala pansi, mwana wanga, tiwerengetsere."