Musanapente khoma la lesitilanti, a zaumoyo ayambe aona kuseri

Anthu ambiri ofuna kutsegula malo odyera mu Blantyre muno amayambira kumaso. Akapeza chipinda ku Limbe kapena ku Ndirande amalipiriratu lendi ya miyezi itatu, n'kupenta khoma, kulembetsa chikwangwani, kugula mipando ya pulasitiki, kenako ndi pamene amakumbukira za chiphaso. Wa zaumoyo wa kukhonsolo akafika, utoto uja alibe nawo ntchito. Amadutsa pakati pa matebulo n'kulunjika kuseri kumene kuli mbaula, zidebe ndi ngalande, ndipo mafunso ake oyamba amakhala a madzi ndi chimbudzi. Ngati chipindacho chilibe potayira madzi otsukira mbale, kapena chitseko cha chimbudzi chikutsegukira m'khitchini, lendi ija yalowa m'madzi, chifukwa eni nyumba ambiri salola kuti muboole khoma lawo. N'chifukwa chake ndi nzeru kupita kaye ku Civic Centre ku Chichiri, ku nthambi ya zaumoyo ya Khonsolo ya Mzinda wa Blantyre, kukapempha kuti adzaone malowo musanasayine ndi landilodi.

Mphamvu zoyendera malo ogulitsa chakudya khonsolo imazitenga ku lamulo la Public Health Act la mu 1948 ndi la Local Government Act la mu 1998, lomwe limalola makhonsolo kukhala ndi malamulo awoawo a mumzinda. Ndondomeko yake njosavuta kuimva, chovuta ndi kuyenda. Mumalembetsa dzina la bizinesi kwa Registrar General, n'kutenga TPIN, nambala yanu ya msonkho, ku MRA. Kukhonsolo mumalemba fomu, a zaumoyo amabwera kudzayendera, amalemba zomwe apeza, ndipo zikakhala bwino mumalipira n'kulandira laisensi. Laisensiyo ndi ya chaka chimodzi, ndi ya malo amene ayenderedwawo basi, ndipo imayenera kupachikidwa poonekera. Mukasamuka ku Chirimba kupita ku Chemusa simungainyamule ngati mpando. Ngati nyumbayo inavomerezedwa kukhala yogonamo, a za mapulani a mzinda amayenera kuvomerezanso kuti isanduke ya bizinesi, ndipo apa ndi pamene ambiri a m'makwalalamu amatsamwa. Mowa uli ndi laisensi yakeyake. Lesitilanti yaikulu imafunanso chiphaso cha a zokopa alendo. Amene akuika chakudya m'mapaketi kapena m'mabotolo, monga tsabola, juwisi ndi chiponde, amakumananso ndi a Malawi Bureau of Standards, omwe muyezo wawo wa ukhondo wa malo okonzera chakudya ndi MS 21.

Ndalama iliyonse lipirani kwa kashiya, mutenge lisiti. Lisitiyo isungeni m'fayilo imodzi ndi mapepala ena onse, pamalo pomwe wantchito angaipeze inu mutachokapo.

Pepala limene limagwetsa anthu ambiri ndi la kuchipatala. Aliyense wogwira chakudya amayenera kuyezedwa, ndipo kawirikawiri amafuna kuti zizibwerezedwa pa miyezi 6 iliyonse. Eni malo amakumbukira ophika n'kuiwala wotsuka mbale, wosenda mbatatesi ndi mlamu amene amabwera kudzathandiza Loweruka. Onsewo ndi ogwira chakudya. Kuyezaku kuli ndi chifukwa chake. Munthu amene anadwalapo tayifodi amatha kuchira, kuoneka wathanzi, koma n'kumatulutsabe tizilomboto m'chimbudzi kwa miyezi yambiri, ena kwa zaka. Tayifodi ndi yodziwika mumzinda muno, moti katemera wake wa ana anayesedwa ku Ndirande ndi ku Zingwangwa asanayambe kuperekedwa dziko lonse mu 2023. Komabe pepala limanena za tsiku limene munthu anayezedwa, osati za lero. Wantchito amene watsegula m'mimba kapena akusanza asayandikire khitchini mpaka patapita masiku awiri chisiyireni. Ndikudziwa kuti amabisa poopa kudulidwa malipiro, ndiye mwini malo amene amadula ndalama ya tsiku la matenda akudziitanira yekha mavuto. Bala la pachala limangidwe ndi pulasitala yosalowa madzi, zikhadabo zikhale zazifupi, mutu uvale duku kapena chipewa, ndipo epuloni ivulidwe popita kuchimbudzi.

Tsono nkhani ya madzi. Mpopi wa Blantyre Water Board umatha kuuma, ndipo wa zaumoyo amafunsa kuti tsiku lotero mumatani. Yankho loti "timakatunga" silikwanira. Pamafunika thanki kapena migolo yovindikira, yokhala ndi kampopi m'munsi, kuti kapu ndi dzanja zisamalowe m'madzimo. Madzi a pachitsime kapena ogula kwa anyamata a zigubu athiridwe mankhwala: WaterGuard ndi kachitsekerero kamodzi pa malita 20, n'kudikira mphindi 30. Ngati mwalandira klorini kwa alangizi a zaumoyo, tsatani muyezo umene iwo akupatsani, musamangothira mwa maso. Posamba m'manja pakhale pawiri, pa makasitomala ndi pa ophika, ndipo madzi ake akhale oyenda. Ndowa ya kampopi, sopo ndi beseni lolandirira m'munsi n'zokwanira. Beseni limodzi lija loti anthu khumi aviikemo manja motsatizana linatha kalekale, ngakhale m'misika ina mumalionabe. Thaulo lopachika pamsomali lopukutira aliyense ndi loipa kuposa kungouma ndi mphepo.

Potsukira mbale pakhale mabeseni atatu, la sopo, lotsukuluzira, ndi la madzi otentha kapena a klorini, kenako mbale ziume pathandala. Madzi a m'beseni loyamba akayamba kuoneka ngati msuzi, atayeni. Koma muwataya kuti? Osati mumsewu, osati m'ngalande ya mvula. Alowe m'suweji kapena m'dzenje la miyala lovindikira, atadutsa kaye pa kabokosi kotchera mafuta. Popanda kabokosiko mafuta amaundana m'paipi, madzi n'kubwerera m'khitchini, ndipo fungo lake limafika kwa woyendera asanatsike n'komwe m'galimoto.

Za nyumba yeniyeniyo sizichuluka. Pansi pakhale pa simenti yosalala kapena matailosi osasweka, makoma otsukika, mawindo a sefa, utsi ukhale ndi potulukira. Matumba a ufa, mpunga ndi nyemba akhale pa mapaleti, otalikirako khoma kuti tsache lizidutsa. Woyendera wodziwa ntchito amasuntha thumba limodzi n'kuyang'ana ndowe za makoswe, kenako amaunika kuseri kwa filiji, kofunda, kumene mphemvu zimaswana. Palafini, mankhwala a makoswe ndi sopo wa m'chimbudzi asagone shelefu imodzi ndi chakudya. Bini ikhale ya chivindikiro ndipo izitulutsidwa tsiku lililonse.

Filiji ndiye imanamiza anthu kwambiri. Tizilombo timaswana msanga pakati pa madigiri 5 ndi 60, ndiye chozizira chikhale pansi pa 5, chotentha pamwamba pa 60. Kugwira ndi dzanja si kuyeza, gulani kachipangizo koyezera kutentha muike m'katimo. Magetsi a ESCOM akazima, filiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira pafupifupi maola anayi, ndipo difiriza yodzaza imatha kupirira mpaka masiku awiri. Vuto ndi loti filiji yomweyo ndi ya zakumwa, ndiye imatsegulidwa kasitomala aliyense akafika. Nkhuku imasungunuka, magetsi akabwera n'kuumanso, ndipo m'mawa imaoneka bwinobwino. Chizindikiro chake ndi magazi oundana pansi pa difiriza ndi mapaketi omatana, ndipo oyendera amachidziwa. Nyama yaiwisi ikhale m'munsi, zophika kale pamwamba, kuti madzi a nyama asadonthere pa chakudya chomwe sichibwereranso pamoto.

Chakudya chophika chisakhale pa mbalambanda kupitirira maola awiri, makamaka mu Okutobala. Mpunga ndi woopsa kuposa momwe anthu amaganizira. Ukazizira pang'onopang'ono m'poto wamkulu, tizilombo tina timene timapulumuka pophika timatulutsa poizoni amene satha ngakhale muutenthetsenso. Wotsala uyaleni m'mathileyi osaya kuti uzizire msanga, ulowe m'filiji, ndipo potenthetsa ufike madigiri 70 mpaka pakati. Kutenthetsa n'kamodzi. Nyemba za dzulo zosakaniza ndi za lero n'zimene zimatsegula m'mimba anthu a m'memo.

Pachiwaya pali zinthu zitatu zoyang'ana: nyama, mafuta ndi saladi. Nyama ikhale yophedwa pamalo ovomerezeka, yoyezedwa ndi a vetenale, ya chidindo, ndipo lisiti ya kubutchala muisunge. Mbuzi yophera kuseri kwa nyumba m'bandakucha ikapezeka imalandidwa. Nkhumba yokhala ndi timatuza toyera tonga mpunga m'mnofu, tomwe ena amati mase, ndi ya njoka za m'mimba, isagulitsidwe. Mafuta akada, akayamba kuchita thovu kapena kufuka utsi chipisi chisanalowe, atha ntchito, ndipo kuthiramo atsopano pamwamba n'kungowononga atsopanowo. Mafuta a m'zigubu zopanda dzina, otchipa modabwitsa, asiyeni. ESCOM yakhala ikudandaula za kubedwa kwa mafuta a m'matiransifoma, ndipo mphekesera za kumene amathera tonse tinazimva. Chipisi chenichenicho chimachoka m'mafuta owira chili bwino. Chimadetsedwa ndi kabichi ndi tomato wodulidwa m'mawa pa thabwa lomwe panali nyama yaiwisi, wotsukidwa ndi madzi okayikitsa, woperekedwa ndi dzanja lomwe langolandira ndalama. Matabwa akhale awiri, mipeni iwiri, saladi ikhale m'chidebe chovindikira ndi sipuni yake. Timajumbo topyapyala tija tosafika ma micron 60 (muyezo wa kukhuthala kwa pulasitiki) ndi toletsedwa ndi malamulo a mu 2015, ndipo kukulunga mandasi m'nyuzipepala kumasiya inki pa chakudya.

Mavenda ambiri amasokoneza tikiti ya msika ndi chiphaso. Tikiti ndi ya malo a tsiku limenelo, sinena chilichonse za ukhondo, ndipo sikutetezani ngati mukugulitsira pamalo osaloledwa monga m'mbali mwa misewu ya m'tauni. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, unachedwetsa kutsegulira sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe mu Januwale 2023, ndipo boma linaletsa kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu ndi m'misika. Dzinja lililonse chiletso chotero chikhoza kubwerera, ndipo oyamba kuchotsedwa amakhala a zitumbuwa, zibwente ndi thobwa la m'ndowa yotsegula. Amene ali pamalo ovomerezeka, amaphikira pomwepo, ali ndi posamba m'manja ndi pepala la kuchipatala, ali ndi poyambira kukambirana.

Ogulitsira m'galimoto, m'kalavani kapena m'kontena akuchulukirachulukira. Iwowa afunse chilolezo cha pamene aziima, pakhale thanki ya madzi abwino ndi ina yokulirapo yolandira madzi oipa, chozimitsira moto pafupi ndi silinda ya gasi, komanso chimbudzi chodziwika chomwe antchito azigwiritsa ntchito. Ngati chakudya chimaphikidwa kunyumba n'kungobwera kudzagulitsidwa, khitchini ya kunyumbayo nayo ndi gawo la bizinesi.

Woyendera safunika kukuuzani tsiku lobwera. Mumufunse chitupa cha ntchito mwaulemu, muyende naye limodzi, ndipo zolakwika zonse azilembe papepala pamodzi ndi tsiku loti zikhale zitakonzedwa. Zing'onozing'ono amapereka masiku. Nyama yowola, zakudya zopitirira tsiku, suweji yosefukira kapena kusowa madzi kumene, zimenezo amalanda katundu kapena kutseka pompo, ndipo katundu wolandidwa alembedwe, musayinirane. Za "ya fanta" ija, mukapereka kamodzi mwalembetsa, ndipo lipoti lomwe lili ku Civic Centre silisintha. Mukamaliza kukonza musadikire kuti abwere okha. Pitani ndi kapepala kaja mukapemphe kuti adzaonenso, ndipo deti limene mwapitalo mulilembe kuseri kwake.