Buluku lobwereka pasiwa

Thiranki ya malemu agogo aamuna inakhala kunsi kwa bedi zaka zisanu osatsegulidwa. Tsiku lina mu June, chiperoni chitatitsekera m'nyumba mpaka phiri la Mulanje osaoneka, ndinathyola loko wake. Paja mkuluyo anali kapitawo ku esiteti ya tiyi, ndiye mumtima ndinkati sangapite osasiya kanthu.

Ndalama zinalimodi: makobiri awiri oboola pakati a nthawi ya Chitaganya. Pansi pake panali mabuku awiri okutidwa ndi nsalu yakuda, ofanana ngati mapasa, onse akununkha mphemvu. Lina la nyimbo za Mulungu. Linalo la ndakatulo zoseketsa, la Chinyanja chakale chija cholemba "cinthu" m'malo mwa "chinthu", boma lathu n'kumalitchula Mlanje. Mtengo wake unali m'masheleni, kusonyeza kuti linagulidwa kwacha isanabwere mu 1971.

Loweruka kunagwa zovuta ku Chitakale, kuchipongozi kwa mlamu wanga. Magetsi anali atathima, ndiye ndinangopapasa buku lakuda n'kuponya m'thumba la jekete.

Pakati pa usiku tili pamoto, kwaya itasasa mawu, mkulu wa mpingo anandiloza. "Achimwene, inu muli ndi buku, tatiyambitsirani nyimbo."

Ndinayatsa tochi ya foni, n'kutsegula. Maso anagwera pa ndakatulo ya mnyamata wopita kukaonekera kwa apongozi atavala buluku lobwereka, mwini buluku n'kumulondola konko kuti iyenso ali ndi ulendo. Ndinaluma mlomo. Ndinayesa kuganiza za ngongole zanga. Sizinathandize. Phwete linatulukira m'mphuno ngati mbuzi yoyetsemula, mapewa akugwedezeka, misozi chuchuchu.

"Pepani bambo, limbani mtima," anatero mayi wina wa Mvano amene ankagawa tiyi. "Kodi malemuwa anali ndani wanu?"

Malemuwo ndinali ndisanawaonepo chibadwire. Koma anthu awiri anandigwira m'khwapa n'kukandikhazika pamphasa ya anamfedwa, wina akundisisita pamsana. Ndikakumbukira buluku lija, kwayambanso, iwo n'kumati koma mnyamatayu ndi wachikondi.

Chinandigulitsa ndi buku lomwe ndinagwetsa pamoto paja. Analitola a nyakwawa, n'kuvala magalasi awo omanga ndi ulusi. Anawerenga nthawi yaitali, nkhope ili gwa. Kutacha anandiitanitsa kuseri kwa nkhokwe, mlamu wanga ali poteropo maso ali pansi. Mlandu wake: tambala mmodzi, komanso buku likhale kaye kwa iwo ngati umboni.

Nditapereka tambala uja patatha sabata, anandiperekeza mpaka kumsewu, n'kutsitsa mawu.

"Iwe, tsamba lotsatira lili kuti? Buluku lija anavuladi?"

Tsambalo agogo anapichirira fodya kalekale.