Opalasa njinga m'magulu, tiganizireni pa msewu wa ku Senga Bay

Abale anga a kuno ku Salima, nkhani iyi yandikhala pamtima. Loweruka m'mawa, msewu wochokera pa Kamuzu Road kupita ku Senga Bay umadutsa magulu a njinga zamasewero, zipewa kumutu, liwiro la mtondo wadooka. Masewerowo ndi abwino, sindikutsutsa. Koma njinga zimenezi zilibe belu ndipo sizimveka n'komwe, umangozindukira zakupyola.

M'mphepete mwa phula momwemo ndi modutsa akabaza atakweza mayi wobereka mwana, wamakala atamanga matumba atatu pakaliyala, amayi osenza mabeseni a usipa kuchokera kunyanja. Wakabaza akadzidzimuka n'kupotoza handulo pang'ono chabe, tayala lalowa mumchenga, kapena wapezeka kutsogolo kwa minibasi. Njinga yolemedwa siima msanga, makamaka mabuleki ake akakhala otha.

Chonde achimwene, mukayandikira pamsika kapena pasiteji chepetsani liwiro, ndandani mzere umodzi, ndipo wakutsogolo azifuula akadali patali. Nanunso akabaza, gwirani kumanzere, kwezani mkono musanakhote, ndipo kukada yatsani tochi.