Tsiku limodzi pa msika wa m'mabwato ku Tha Kha

Ukakhala ku Bangkok, likulu la Thailand, n'kufunsa za msika wa pamadzi, aliyense amakutchulira Damnoen Saduak. Ndi umene uli pa zithunzi za m'mahotela. Mbiri yake ndi yopatsa chidwi ndithu: ngalande yake inakumbidwa pakati pa 1866 ndi 1868, molamulidwa ndi Mfumu Rama IV, kuti ilumikize mtsinje wa Mae Klong ndi wa Tha Chin, ndipo kutalika kwake ndi makilomita 32. Koma masiku ano ogula ambiri kumeneko ndi alendo odzaona malo, ndipo maboti a injini amachita kukhulana m'ngalandemo. Ine ndinkafuna msika umene munthu amapitako chifukwa ndiwo zatha pakhomo. Mayi wina wogwira ntchito pamalo amene ndinkagona, kwawo kuchigawo cha Samut Songkhram, ndi amene ananditchulira Tha Kha, msika wa kwawoko. Anandilembera dzinalo pakapepala m'zilembo za kwawo kuti ndizionetsa madalaivala, ndipo kapepalako kanandithandiza ulendo wonse.

Ndinakwera minibasi Loweruka kusanache. Samut Songkhram ndi chigawo chaching'ono kuposa zonse mu Thailand, ndipo chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 70 kum'mwera chakumadzulo kwa Bangkok. Mumadzera msewu wa Rama II, wodzadza ndi mathiraki ndi mafakitale, kenako mumangoona minda ya mchere mbali zonse, milu yoyera mbee itandandalikidwa pamadzi osaya. Ndinatsikira m'tauni ya Mae Klong n'kukwera kabaza wa njinga yamoto. Msewu unayamba kuchepa, mitengo ya kokonati n'kutseka dzuwa.

Ndili pa kabazapo ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake msikawu ulipo. Minda ya kuno ndi mizere ikuluikulu yokwezeka, ndipo pakati pa mzere ndi mzere pali ngalande ya madzi. Derali ndi lachidikha, pafupi ndi pamene Mae Klong amathira m'nyanja yamchere, choncho madzi a m'ngalande amakwera ndi kutsika motsatira nyanjayo. Misewu isanabwere, munthu akathyola zipatso analibe njira ina yozitulutsira koma bwato, ndipo bwato limayenda madzi akakwera. N'chifukwa chake kale msika wa Tha Kha sunkayendera masiku a sabata. Unkatsatira mwezi: tsiku lachiwiri, lachisanu ndi chiwiri ndi la 12, mwezi ukamakula, n'kubwerezanso masiku omwewo ukamatha. Zomatsegula Loweruka ndi Lamlungu zinabwera pambuyo pake.

Msika weniweniwo ndi waung'ono. Ukaima pakamlatho umauona wonse, poyambira ndi pothera. Phokoso la injini kulibe, umangomva nkhafi ikugunda m'mbali mwa bwato ndi mawu a amayi akuitanizana. Pafupifupi onse opalasa ndi amayi achikulire, ovala zipewa zotambalala zolukidwa ndi nsungwi ndi masamba a mgwalangwa. M'mabwatomo munali nthochi, magwafa, tsabola, anyezi, adyo, kokonati wanthete, ndi zipatso zazikulu ngati mutu wa mwana zotchedwa pomelo, zimene chigawochi chimatchuka nazo.

Ndinakhala nthawi yaitali pa masitepe a m'mphepete mwa ngalande, pafupi ndi agogo ena amene bwato lawo linali khitchini yathunthu. Anakhala chopinda miyendo kumbuyo kwa bwato, mbaula ya makala ili patsogolo pawo, chiwaya chakuda bii pamwamba pake. Kudzanja lamanja kunali mbale ya ufa wosungunula, kumanzere mazira ndi nkhono za m'nyanja. Chilichonse chinali pomwe dzanja lingafike osadzuka. Bwato lina likadutsa, lawolo linkagwedezeka, mafuta n'kuthamangira mbali imodzi ya chiwaya, koma iwo osayang'ana n'komwe. Ankangokankha bondo pang'ono, bwato n'kukhazikika. Ndinawapatsa moni pophatikiza manja monga amachitira kuno, n'kuloza chiwayacho. Anakazinga nkhonozo ndi dzira mpaka m'mphepete munauma khirikhiri, anaziika pa tsamba la nthochi, n'kundipatsira. Ndalama anailowetsa m'kachitini kakale komwe kanali pansi pa mwendo wawo.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri chinachitika ndikudya. Bwato la mayi wina wogulitsa masamba linafika n'kugundana ndi la agogowo. Anagwirana mabwato ndi dzanja limodzi, n'kuyamba kucheza ngati anthu okumana pachitsime. Mtolo wa anyezi unawolokera uku, mbale ya chakudya inawolokera uko, ndipo sindinaone ndalama ikutuluka. Sankationetsa ife zimenezo. Anali anthu odziwana kalekale, akuchita zimene amachita.

Kenako ndinakwera bwato lopalasa ndi manja lolowa m'tingalande ta m'minda. Njira yake ndi yopapatiza moti masamba amakukhudza m'mapewa. Tinadutsa ng'azi yaikulu ikusambira mutu uli pamwamba, ndi nyumba zamatabwa zokhala pamizati, iliyonse ndi masitepe otsikira m'madzi. Tinaima pakhomo pena pamene amaphika shuga wa kokonati. Shugayu sachokera mu chipatso ayi. Munthu amakwera mumtengo, amasenga nsonga ya duwa lomwe silinamasule, n'kumangirirapo kachitini koti timadzi totsekemera tizidonthera. Amachita zimenezi m'mawa ndi madzulo, mtengo uliwonse, tsiku lililonse. M'kachitinimo amaponyamo tizibenthu ta mtengo wa phayom kuti timadzito tisasase. Akatolera amasefa n'kuthira m'ziwaya zikuluzikulu zokhala pa ng'anjo yaitali, yosonkhezera ndi makoko ndi masamba ouma a kokonati yemweyo. Zikayamba kubwata, amaimika chinthu cholukidwa ndi nsungwi ngati dengu lopanda pansi pakati pa chiwaya kuti thovu lisasefukire. Madzi akaphwera amaphula, n'kutakasa mwamphamvu mpaka zitalimba ndi kuyera, kenako amagwetsera timibulu pa nsalu kuti tizizire. Bambo amene ankatakasa anali thukuta lokhalokha, njuchi zikumuzungulira. Anandipatsa kambulu kakadali kofunda. Kanasungunuka pa lilime, kotsekemera koma konunkhira utsi pang'ono, ndipo ndinagula wambiri ndithu.

Pali chinthu chimene chinandiwawa, ndipo ndichinena. Pobwerera pamsika ndinapeza gulu la alendo litafika. Ena ankawerama mpaka kamera kutsala pang'ono kukhudza nkhope ya gogo, kujambula, n'kutembenuka osagula ngakhale nthochi imodzi. Mayi ameneyo wadzuka usiku, wapakira katundu, wapalasa kuchokera kumunda. Sanabwere kudzajambulidwa, wabwera kudzagulitsa. Ndipo ukayang'ana misinkhu ya opalasawo, achinyamata ndi owerengeka. Misewu inafika, magalimoto amakatenga zokolola pakhomo, ana anapita kukagwira ntchito m'matauni. Msikawu ukhalapo ngati kupalasa mpaka pano kukuwapindulira amayiwa. Ndiye mukapita, pitani ndi njala ndiponso ndalama zing'onozing'ono. Ya pepala yobiriwira ya 20 baht ndi imene imayenda bwino, chifukwa gogo wa m'bwato sangakupezereni chenje cha 1,000 baht. Ndipo funsani kaye musanajambule munthu. Kungoloza kamera n'kumwetulira kumakwanira, ambiri amavomera.

Dzuwa likamafika paliwombo mabwato amayamba kuchepa, choncho fikani m'mawa. Mugwirizane ndi wakabaza nthawi yodzakutengani, chifukwa kumeneko zokwera sizidutsa pafupipafupi. Masana mukhoza kuima ku Mae Klong, pamsika wa panjanji, pomwe ogulitsa amapinda matenti ndi kukokera katundu kumbuyo sitima ikamadutsa, kapena kupita ku Amphawa, makilomita 10 okha kuchokera ku Tha Kha, komwe msika umayamba masana ndipo usiku anthu amakwera maboti kukaona ziphaniphani. Ine ndinasankha Mae Klong, popeza minibasi zobwerera ku Bangkok zimanyamukira komweko. Shuga wa kokonati mumukulunge bwino mupulasitiki ndipo asakhale pansi pa chikwama, amafewa msanga ndi kutentha kwa kuno.