Momwe Ndinasankhira Mankhwala Otetezera Penti wa Galimoto Mwera Usanayambe

Galimoto yanga ndi Honda Fit yakuda imene inachokera ku Japan kudzera padoko la Dar es Salaam, ndipo aliyense wodziwa kutentha kwa kuno ku Mangochi amandifunsa chimene ndinagulira galimoto yakuda, funso limene mpaka lero sindinalipezere yankho. Chakumapeto kwa Epulo, mvula itasiya, ndinaitsuka n'kuiimika padzuwa, ndipo ndinaona kuti boneti ndi denga zachita mbuu, pamene pazitseko panali timizere tozungulirazungulira ngati ulusi wa kangaude. Ndinafuna kukonza zimenezi nyengo yozizira isanafike, chifukwa kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mwera umakuntha, ndipo fumbi ndi mchenga wa m'mbali mwa nyanja zimalowa paliponse.

M'sitolo ya zipangizo za galimoto imene ndinayamba kulowa munali mabotolo ochepa, ndipo pa limodzi analembapo m'Chingerezi kuti ndi lotetezera galimoto m'nyengo yozizira. Ndinatsala pang'ono kuligula, koma nditawerenga kumbuyo kwake ndinapeza kuti kuzizira kumene akunenako n'kwa chipale chofewa. Ku Britain, ku Canada ndi kumpoto kwa Japan amathira mchere m'misewu kuti madzi oundana asungunuke, ndipo mcherewo ukamata kunsi kwa galimoto umabweretsa dzimbiri. Ife kuno vuto limenelo tilibe. Chimene chimadya penti wathu mu Juni ndi Julayi ndi mame a usiku amene amasakanikirana ndi fumbi n'kuuma dzuwa likatuluka, zitosi za mbalame ndi za mileme kwa ife oimika galimoto pansi pa mtengo wa mango, tizilombo tofera paboneti tikamayenda usiku mumsewu wa M3 wopita ku Liwonde, phulusa la moto wa m'tchire, komanso dzuwa lenilenilo, limene ngakhale m'mawa kuzizire chotani, pofika masana limakhala lili pantchito. Ndinabwezera botolo lija pashelefu.

Ndisanawononge ndalama ndinapita kwa bambo wina wachikulire amene amawongola ndi kupenta magalimoto kuno kuboma. Anazungulira galimotoyo kawiri, akusisita ndi kuseri kwa dzanja, kenako anati, "Achimwene, musagule mankhwala musanadziwe matenda." Anandifotokozera kuti penti wa galimoto za masiku ano ndi wosanjikiza: pansi pali primer, pakati pali mtundu, ndipo pamwamba pali clear coat, amene alibe mtundu koma ndiye amawala ndi kutchinga dzuwa. Clear coat wa kufakitale amakhala wa ma micron pafupifupi 40 mpaka 50, kutanthauza kuti ndi wopyapyala kuposa pepala la m'kope, ndipo nthawi iliyonse imene munthu wapukuta ndi mankhwala okwecha amachotsako pang'ono pamene sipadzabwereranso. Mfundo imeneyi ndiyo inasintha kaganizidwe kanga konse, chifukwa ndinkayesa kuti polishi amawonjezera chinachake pagalimoto, osadziwa kuti ntchito yake ndi kusenga.

Anandionetsanso njira ziwiri zoyesera. Anadontheza polishi pakansalu koyera n'kusisita pamalo obisika, ndipo kansaluko sikanade, umboni wakuti clear coat akadalipo. Kakanada, bwenzi zikusonyeza kuti clear coat watha ndipo polishi wafika pa mtundu weniweniwo. Kenako anadutsitsa chikhadabo pamikwingwirima. Pamene chikhadabo chinkakodwa anandiuza kuti ndisavutike napo, popeza pazama kwambiri moti kupasalaza n'kumaliza clear coat yense. Padenga panali kachigawo kofanana ndi chikhatho pamene penti anayamba kufundudzuka ngati khungu lopsa, ndipo apo anangopukusa mutu n'kunena kuti palibe botolo lochiza pamenepo koma kupentanso.

Chinthu choyamba kugula sichinali polishi ayi, koma sopo. Kwa zaka ndakhala ndikutsuka ndi sopo waufa wochapira zovala, nthawi zina wotsukira mbale, ndipo sopo wotereyu amapangidwa kuti achotse mafuta, choncho amachotsanso wax, phula loteteza penti, amene munthu wapaka. Ndikapita kotsukitsa, anyamata ankagwiritsa ntchito ndowa imodzi ndi malaya akale omwewo pamatayala ndi pazitseko pomwe, ndipo timizere tija tinachokera kumeneko, ngakhale kuti inenso kunyumba ndinkachita zomwezo. Ndinagula sopo wamadzi wopangidwira galimoto amene pH yake ili cha pa 7, kutanthauza kuti si waukali, ndowa ziwiri, imodzi ya sopo ndi ina yotsukuluzira nsalu kuti mchenga uzitsalira m'menemo, ndi nsalu za microfibre zisanu ndi imodzi. Imodzi mwa nsaluzo ndi youmitsira, chifukwa madzi a pamjigo wathu akauma okha pagalimoto yakuda amasiya timawanga toyera tovuta kuchotsa.

Nditatsuka, ndinavala kajumbo kapulasitiki m'dzanja n'kusisita boneti, ndipo ndinamva kukhakhala ngati khoma la simenti. Zimenezo ndi zinyalala zimene zinamatirira mu penti, ndipo zimachotsedwa ndi clay bar, chinthu chonga dongo chimene umatsetsereka nacho pamalo onyowa ndi madzi a sopo. Kuno sindinaipeze, moti mlamu wanga anachita kundigulira ku Blantyre n'kutumiza pa minibasi. Ikagwa pansi imatayidwa, popeza imatola mchenga, choncho ndinaidula pawiri kuti ndisaluze yonse nthawi imodzi. Madontho a tala amene anali kuseri kwa matayala ndinawafewetsa ndi parafini pang'ono n'kutsukapo msanga.

Pa polishi m'pamene ndinachedwa. Kuno chilichonse chopaka pagalimoto timangochitcha polishi, koma m'mabotolomo muli zinthu zosiyana kwambiri. Compound ndi wokwecha mwamphamvu, ndipo ndi wa penti amene wafifira kotheratu kapena ali ndi mikwingwirima yooneka patali. Polishi weniweni amakwecha pang'ono kuti asalaze timizere ting'onoting'ono. Palinso ena otchedwa cleaner wax amene amayeretsa pang'ono n'kusiya wax nthawi imodzi, ndipo ndi abwino kwa munthu wofuna kumaliza ntchito pa ola limodzi, ngakhale kuti sakhalitsa. Wogulitsa ankandikakamiza compound ponena kuti ndiye amaonetsa kusintha msanga, ndipo sankanama, koma anthu ogwira ntchito imeneyi amati penti wa Honda ndi wofewa, ndipo pagalimoto yakuda compound amatha kusiya chifunga chake chimene chimafunanso polishi. Ndinatenga polishi wofewa.

Sindinayambe ndi galimoto yonse. Ndinamata tepi paboneti n'kupatula kamalo ka masentimita 40 mbali zonse, ndipo ndinapukuta ndi dzanja pogwiritsa ntchito kasiponji, mobwerezabwereza, chopingasa ndi chotsika. Nditachotsa tepi malire ankaoneka bwino lomwe: mbali imodzi yakuda bii, inayo yotuwa. Timizere tina tozama tinatsala, ndipo ndinatisiya dala. Mnzanga wina anafuna kundibwereka makina ozungulira okhala ndi ubweya, koma ndinakana, chifukwa makina amenewo m'manja mwa munthu wosaphunzira amatenthetsa penti n'kumuboola, makamaka m'mphepete mwa zitseko ndi m'makona m'mene ali wopyapyala. Ndi dzanja ntchitoyi inanditengera m'mawa wa masiku awiri, ndikuyamba mame atangouma n'kusiya cha m'ma 10 koloko, popeza chitsulo chikatentha mankhwala amaumirapo usanawapukute.

Chotetezera ndicho chinali cholinga cha ntchito yonse, ndipo panali njira zitatu. Wax wa carnauba amachokera kumasamba a mtengo wa mgwalangwa wa kumpoto chakummawa kwa Brazil, ndipo pagalimoto yakuda amawala mochititsa kaso kuposa china chilichonse. Carnauba payekha sasungunuka mpaka kutentha kutadutsa madigiri 80, koma ndi wolimba kwambiri moti wa m'chitini amakhala atasakanizidwa ndi mafuta ndi zina zofewetsa, ndipo boneti yakuda ikakhala padzuwa la kuno imatentha moti sungaikepo dzanja. Pamalo otere wax amatha pa milungu yowerengeka. Njira ina ndi ceramic coating, wopangidwa ndi silicon dioxide, amene amakhala zaka, koma amafuna malo otsekedwa opanda fumbi ndiponso kuti galimoto isanyowe kwa tsiku lathunthu, ndipo ukamupaka molakwika amachoka ndi makina basi. Ine ndilibe galaja, ndipo kupaka chinthu chotere pabwalo mwera ukuwomba n'kumata mchenga pagalimoto ndi ndalama zako zomwe. Mabotolo opopera amene amalembedwa kuti ceramic ndi chinthu china, chopepuka, chokhala miyezi osati zaka.

Ndinasankha njira yachitatu, sealant, amene ndi wopangidwa ndi makemikolo osati kuchokera kuzomera, amapirira kutentha ndi sopo kuposa wax, ndipo kawirikawiri amakhala miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi, nthawi yokwanira kundidutsitsa nyengo yonse ya mwera. Mayina amene munthu angakumane nawo m'masitolo a m'mizinda ndi monga Turtle Wax, Meguiar's ndi Shield ya ku South Africa, ndipo chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wotere ndi wofunika kuganiza kawiri. Ine sindinatsate dzina. Ndinayang'ana ngati chitsekerero sichinatsegulidwepo, ngati malangizo ndi omveka, ndiponso ndinagwedeza botolo kuti ndione ngati zam'katimo zikusakanikirana, chifukwa botolo lokhalitsa pashelefu yotentha limalekanitsa madzi ndi phala ndipo nthawi zina silibwereranso.

Popaka ndinayamba ndatsukanso galimoto kuti mafuta a polishi achoke, apo ayi sealant sagwira. Amafuna kupaka mopyapyala kwambiri, kudikira kuti achite mbuu, n'kudutsitsapo chala. Chala chikasiya mzere wowala bwino wopanda mbuu ndiye kuti wakonzeka kupukutidwa. Ndinalakwitsa pamalo amodzi, pamene siponji inakhudza pulasitiki wakuda wa m'munsi mwa galasi lakutsogolo, ndipo banga loyera linatsalapo mpaka nditalikwecha ndi mswachi wakale. Usiku umenewo ndinakagoneka galimoto m'shedi ya amalume kuti mame asaigwere sealant asanalimbe. Za chinsalu chofunditsa galimoto ndinazisiya, popeza mwera ukamachikupiza pamwamba pa fumbi chimasanduka sandipepa.

Mu Julayi ndinapita ku Monkey Bay n'kubwerako galimoto ili yofiira ndi fumbi, ndipo nditangothira madzi lambiri linatsetsereka lokha, madziwo akuchita timibulu paboneti. Chovuta chimene chatsala ndi mphwanga, amene m'mawa uliwonse amafuna kundithandiza popukuta fumbi ndi nsalu youma, ndipo ndamuletsa katatu konse. Timibulu tija tikadzayamba kuphwatalala, mwina cha mu Okutobala kutentha kukamafika pachimake, ndidzapakanso sealant wotsala m'botolo, ndipo kachigawo ka padenga kaja kakudikirabe ndalama za bambo wopenta uja.