Zikomo nonse amene munabwera kudzaona zithunzi za mitambo

Chionetsero chija tatseka Loweruka lapitali, ndiye ndisanayambe kutsitsa mafelemu pakhoma ndati ndithokoze kaye.

Ambiri mumandidziwa ngati wa zanyengo, uja mumamunyoza mvula ikapanda kugwa tsiku lomwe talosera. Kamera inabwera chifukwa cha ntchito yomweyi. Ku Lumbadzi, pabwalo la ndege la Kamuzu, timatuluka ola lililonse kuyang'ana kumwamba n'kulemba mtundu wa mitambo, kutalika kwake, ndi komwe mphepo ikuchokera. Koma manambala a m'buku sanena mmene mtambo wa Novembala umatukumukira masana pamwamba pa Dzalanyama, pansi pake pali bii, mutu wake utaphwatalala, kenako matalala. Ndinayamba kujambula, ndipo pansi pa chithunzi chilichonse ndimalembapo ndime ziwiri zofotokoza chomwe chikuchitika kumwambako.

Kuthokoza kwanga kwakukulu kupite kwa inu aphunzitsi ndi alangizi a zaulimi amene mumayeza mvula 8 koloko m'mawa uliwonse, kuthira madziwo mu kagalasi, kuwerenga mamilimita n'kutumiza. Palibe amakuwombererani m'manja, koma popanda inu ulosi wathu ungakhale wongopeka basi.

Zikomo kwa agogo a ku Mitundu amene munandilola kulowa m'munda mwanu nthawi ya ng'amba ya El Niño mu 2024, chaka chomwe boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Chimanga chinali chitapota masamba chisanamasule n'komwe. Chithunzi chimenecho ndi chomwe anthu anaima pamaso pake nthawi yaitali kuposa zonse, kuposa ngakhale mbalame za mumtsinje wa Lingadzi zomwe ine ndimazinyadira.

Achimwene, lenzi yanu ndibweza ndithu, musadandaule. Mayi a kunyumba, munapirira kudzutsidwa mbandakucha, ndalama ya ndiwo nthawi zina n'kuthera pa mafuta a njinga yamoto. Mulungu akudalitseni. Anzanga a ku ofesi amene munkasinthana nane mashifiti, ndili nanu ngongole.

Zithunzi zingapo zatsala, ofuna mundilembere ku inbox. Kumapeto a Okutobala ndikakhala pa phiri la Nkhoma kudikira chizimalupsa, ndipo achinyamata awiri atatu ofuna kuphunzira kujambula mitambo titha kupitira limodzi.